Thirakitala ikakana kunyamula m'mawa wa chisanu

Injini yalira, utsi ukutuluka bwinobwino, koma mukakoka liva kuti mikono ya kumbuyo inyamule pulawo, zii. Kapena loader, chonyamulira katundu cha kutsogolo kwa thirakitala, ikukwera ndithu, koma monjenjemera, kwinaku pampu ikulira mawu okuwa amene simunawamvepo. Dzulo masana thirakitala yomweyi imagwira ntchito popanda chovuta. Chasintha n'chimodzi chokha: usiku kwazizira.

Vuto limeneli kwawo ndi kumadera kumene chisanu chimafika poumitsa madzi. Ku Saskatchewan ndi ku Manitoba m'dziko la Canada, madigiri 30 pansi pa ziro si nkhani yodabwitsa m'mwezi wa January. Ku Minnesota, ku America, n'chimodzimodzi, ndipo kumapiri a Scotland nako kumazizira kolapitsa. Ku South Africa, m'mafamu a ku Free State ndi ku Mpumalanga, madera ngati Bethlehem, Harrismith ndi Ermelo, madzi a m'zomwera ng'ombe amacha ataundana mu June ndi July. Abale athu ambiri amagwira ntchito m'mafamu amenewa, ndipo munthu amene anaphunzirira thirakitala ku Kasungu kapena ku Chipata amakumana ndi zimenezi koyamba ali yekha, ng'ombe zikudikira udzu, mwini famu akufunsa chimene chachedwetsa.

Anthu amangoti hayidiroliki, makina onyamula katundu ndi mphamvu ya oyilo, yaundana, koma oyilo sauma gwa ngati madzi. Zimene zimachitika ndi zitatu, ndipo chilichonse chili ndi mankhwala akeake: mwina m'oyilomo muli madzi ndipo madziwo ndiwo aundana, mwina oyilo walimba kwambiri moti pampu ikulephera kumukoka, mwinanso pampu ikumeza mpweya. Musanagwire sipanala, dziwani kaye kuti mwa zitatuzi chakugwirani ndi chiti. Ine ndimaona kuti mapampu ambiri amene amafa nthawi yozizira saphedwa ndi chisanu, amaphedwa ndi munthu amene anaponda moto wa injini pofuna kukakamiza makina amene njira yake ya oyilo yatsekeka.

Tiyambe ndi njira imene oyilo amayenda. M'mathirakitala ambiri a kumunda mulibe thanki yapadera ya hayidiroliki. Oyilo wa m'giyabokosi ndi m'chimimba cha kumbuyo ndi yemweyo amene amanyamula pulawo, amene amaziziritsa mabuleki omira m'oyilo, ndipo m'mathirakitala ena ndi yemweyonso amene amapeputsa chiwongolero. Pampu imamukoka kuchokera pansi kudzera pa sefa ya waya, n'kumukankhira ku mavalavu. Mukakoka liva, valavu imatsegula njira yopita ku silinda, silinda n'kukankha mkono. Ntchito ikatha oyilo amabwerera m'chimimba, nthawi zambiri atadutsa pa fyuluta. Palinso valavu yoteteza imene imatsegukira yokha puresha ikafika malire, amene m'mathirakitala ambiri ali pakati pa 170 ndi 210 bar (bar ndi muyeso wa puresha).

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Pampu ili ndi mphamvu zoopsa pokankha, koma pokoka ndi yofooka. Kunena zoona siikoka n'komwe: imangotsegula malo opanda kanthu, ndipo chimene chimakankhira oyilo m'malomo ndi kulemera kwa mpweya wa kunja, komwe ndi 1 bar yokha. Mbali yokankha ili ndi 200, mbali yokoka ili ndi 1. Choncho kanthu kakang'ono kakatchinga mbali yokokayi, kaya ndi timibulu ta ayezi pa sefa kapena oyilo wolimba, pampu imazungulira ndi njala. M'oyilomo mumapangika timathovu timene timaphulika tikafika mbali ya puresha, ndipo kuphulika kumeneku kumagwebula chitsulo cha m'kati mwa pampu pang'onopang'ono. Kukuwa kumene mukumva kuja n'kumeneku. Mukamva mawu amenewo, tsitsani moto wa injini nthawi yomweyo, ndipo akapanda kuleka, zimitsani.

Madzi amene analowa kalekale

Thirakitala ikakaniratu, osati kungochedwa, koma masana kukafunda n'kuyambanso yokha ngati palibe chinachitika, kayikirani madzi. Madzi amenewa sanalowe usiku wa dzulo. Akhala akusonkhana kwa miyezi, mwina zaka.

Njira yaikulu ndi thukuta la chitsulo. Chimimba cha thirakitala chili ndi kabowo kopumira. Oyilo akatentha, mpweya wa pamwamba pake umatuluka; makina akazizira, mpweya wa kunja umalowa ndi chinyezi chake. Chinyezicho chikakhudza chitsulo chozizira chimasanduka timadontho, timadonthoto n'kutsetserekera m'oyilo. Thirakitala yolima tsiku lonse siivutika kwambiri, chifukwa oyilo wake amatentha mokwanira mpaka chinyezi china kutuluka ngati nthunzi. Imene ili pa ngozi ndi ya ntchito zing'onozing'ono za nyengo yozizira, yonyamula mtolo umodzi wa udzu kupita kukhola n'kuzimitsidwa patangotha mphindi khumi ndi zisanu. Imafunda mokwanira kupuma, koma siitentha mokwanira kuuma. Tsiku lililonse ikuwonjezera madzi.

Njira zina zimaoneka ndi maso. Yang'anani mphira imene imakuta tsinde la ndodo za giya. Pa thirakitala yakale yogona panja, mphira imeneyi imakhala itang'aluka ndi dzuwa, mwina inachokeratu, ndipo mvula imatsika ndi ndodoyo molunjika kulowa m'giyabokosi. Yang'ananinso mphira ya pa sipuling'i yaikulu ya kumbuyo kwa mpando, pamene pamalumikizidwa mkono wa pamwamba mwa mikono itatu yogwira pulawo (three-point). Kutsuka ndi makina opopera madzi mwamphamvu nako kumalowetsa madzi pa kabowo kopumira ndi pa mphira za m'masilinda. Ndipo pa mathirakitala amene oyilo amaziziritsidwa ndi madzi a injini, choziziritsiracho chikabooka madzi amalowera komweko.

Madzi ndi olemera kuposa oyilo, choncho makina akaima amakhazikika pansi, pomwe pali kamwa la pampu. Mathirakitala a banja la Ferguson amaonetsa bwino zimenezi. Kuyambira pa TE20, imene inkapangidwa ku Coventry, ku England, kuyambira 1946 mpaka 1956, kudzafika pa Massey Ferguson 35 ndi 135, pampu imakhala m'chimimba momwemo, pansi penipeni, yomira m'oyilo. Kapangidwe kameneka n'kabwino chifukwa pampu siivutika kupeza oyilo, koma madzi akakhalapo, ndiyo yoyamba kuwalawa. Akaundana amatha kugwira mavalavu a pampuyo kapena kumata sefa yake. Oyilo wa masiku ano wa mathirakitala amapangidwa kuti azisunga madzi pang'ono m'kati mwake osawalola kukhazikika msanga, koma zimenezi zili ndi malire. Madzi akachuluka, timadontho tosakanikirana ndi oyilo timasanduka timibulu ta ayezi toyandama, ndipo pampu ikayamba kukoka timadzaunjikana pa sefa mpaka kuitseka. N'chifukwa chake thirakitala ina imanyamula bwinobwino mphindi imodzi kapena ziwiri zoyambirira kenako n'kufooka. Fyuluta ya pepala imene yamwa madzi nayo imauma gwa n'kukhala ngati chotsekera.

Kudziwa ngati muli madzi sikufuna zida zodula. Solorani kandodo koyezera oyilo thirakitala itangogwira ntchito. Oyilo wabwino amaonekera, mtundu wake ndi wagolide kapena wofiirira. Wa madzi amatuwa ngati tiyi wa mkaka, ndipo kunsi kwa chitsekerero chothirira oyilo mumapeza zoterera zoyera kapena timadontho ta dzimbiri. Njira yachiwiri ndi ya bawuti yokhuthulira oyilo. Thirakitala igone usiku wonse pamalo ofunda, kenako masulani bawutiyo pang'onopang'ono, osaichotseratu, mutatchera botolo loonekera m'kati. Ngati pansi pali madzi, ndiwo amayamba kudontha oyilo asanabwere. Mukamasula bawuti kukuzizira n'kupeza kuti palibe chikutuluka, yankho mwalipeza kale: kuseri kwake kuli ayezi. Njira yachitatu ndi yodonthezera oyilo pang'ono pa chitsulo chotenthedwa kufika madigiri pafupifupi 150. Oyilo wouma amangoyenderera mwakachetechete, wa madzi amathetheka. Tchinjirizani maso pochita zimenezi.

Madzi akaundana amafufuma ndi magawo 9 pa 100 alionse, ndipo mphamvu ya kufufumaku imang'ambula chitsulo. Chikho cha fyuluta, kapaipi kotsika kamene madzi amakhazikikamo, ngakhale thupi la valavu, zonsezi zimatha kusweka usiku thirakitala ili chiimire. Mng'aluwo suoneka m'mawa chifukwa ayezi wautseka. Umadzaonekera masana, oyilo atayamba kuchucha.

Tizinthu ta kunja timene timanamiza

Si nthawi zonse pamene vuto limakhala m'chimimba. Funso loyamba lodzifunsa ndi lakuti: kodi chafa ndi chilichonse, kapena chinthu chimodzi? Ngati mikono ya kumbuyo, loader ndi zina zonse zafooka pamodzi, vuto lili kumene zonsezi zimamwera, kutanthauza oyilo, sefa kapena pampu. Koma ngati mikono ya kumbuyo ikunyamula pamene loader yakana, pampu siinalakwe, fufuzani panjira ya loader.

Funso lachiwiri: kodi liva ikusuntha? Ikakhala kuti yauma, siikupita kutsogolo kapena kumbuyo, nthawi zambiri ayezi ali kunja kwa oyilo. Ma loader ambiri amalumikiza liva ndi valavu kudzera pa kebulo, ndipo madzi akalowa m'chikopa cha kebuloyo amaundana n'kugwira waya wa m'kati. Malo ena odziwika ndi kachipewa kachitsulo ka kumapeto kwa valavu, momwe muli sipuling'i yobwezera liva pakati. Kachipewaka kakaloza pansi kamasunga madzi, ndipo madziwo akaundana ndodo ya valavu imasowa kolowera. Liva imatha kupita mbali imodzi n'kukana inayo. Musaikakamize ndi mphamvu, mungadule kebulo kapena kupinda ndodo. Fundutsani malowo, masulani kachipewako, khuthulani madzi, pukutani, pakani girizi watsopano. Ndi ntchito ya theka la ola imene anthu ena amaigulira valavu yatsopano.

Zolumikizira mapaipi za kumbuyo nazo zimavuta. Ayezi akalowa m'kamwa mwake, paipi imaoneka ngati yalowa koma kavalavu ka m'kati sikanatseguke, choncho oyilo sakudutsa ndipo injini imamveka kulemedwa mukakoka liva. Ngati mikono yakwera koma ikukana kutsika, onani kachopotokola ka pansi pa mpando kamene kamachepetsa liwiro la kutsika. Oyilo wozizira amadutsa movutikira pa kampata kakang'ono kameneka, makamaka ngati kumbuyo kulibe cholemera, ndipo kungokatsegula pang'ono kumathetsa nkhani. Pa mathirakitala akale kwambiri, monga TE20 ndi Ford 9N, 2N ndi 8N, kumbukirani kuti pampu imazungulitsidwa ndi shafiti ya PTO, imene imatulukira kumbuyo kwa thirakitala kukazungulitsa zipangizo. Ngati PTO siinalowetsedwe, kapena mwaponda kilatchi, mikono siinganyamule kaya kukutentha kaya kukuzizira.

Oyilo wolimba ndi mpweya

Ngati makina onse akuyenda koma mwaulesi, n'kumachangamuka pang'onopang'ono pamene thirakitala ikufunda, ndipo oyilo ndi woonekera bwino, ndiye kuti walimba chabe. Manambala a pa chigubu amathandiza kumvetsa kukula kwa nkhaniyi. Oyilo wolembedwa ISO VG 46 amatanthauza kuti kulimba kwake ndi 46 pa madigiri 40, pa muyeso umene madzi amakhala pafupifupi 1. Oyilo yemweyo akafika pa madigiri 0 amalimba kuposa kakhumi, ndipo pa madigiri 20 pansi pa ziro amakhala m'masauzande angapo. Opanga mapampu ambiri safuna kuti pampu iyambe ntchito oyilo atapyola cha m'ma 1,000 mpaka 2,000. Mukuona kuti oyilo amene ali bwinobwino ku Nchalo angathe kupha pampu ku Manitoba.

Makampani a mathirakitala anaziganizira kale zimenezi. A John Deere ali ndi miyeso iwiri, J20C wa nyengo wamba ndi J20D wopepuka wa kumalo ozizira kwambiri. A Kubota ali ndi Super UDT2, amene amayenda bwino kukazizira. A Massey Ferguson amalemba miyeso ngati M1135, M1143 ndi M1145, a New Holland M2C134D, ndipo a Case IH ali ndi Hy-Tran. Ngakhale Ford zakale zija, buku lake linkati oyilo wa SAE 90 kukafunda, wopepukirapo wa SAE 80 madzi akayamba kuundana. Chofunika ndi kutsegula buku la thirakitala yanu, kupeza tchati cha oyilo ndi madigiri, n'kuyerekeza ndi kuzizira kwa kumene muli. Ngati bukulo ndi la ku America, madigiri ake ndi a Fahrenheit, ndipo 32 wa kumeneko ndiye 0 wathu.

Chenjezo limodzi limene sindingalisiye: oyilo wa hayidiroliki wamba, wa ISO 32 kapena 46, ndi wa makina okhala ndi thanki yakeyake. Musamuthire m'thirakitala imene oyilo wake amagwiranso magiya ndi mabuleki, ngakhale akhale wopepuka chotani. Alibe mankhwala oteteza mano a magiya ndi oletsa mabuleki kulira ndi kugwiragwira. Wofunika pamenepo ndi wa mtundu wa UTTO, wopangidwira magiya, mabuleki ndi hayidiroliki pamodzi, kapena STOU, amene amagwiranso mu injini, ngati buku likulola. Vuto linanso ndi la zigubu zotchipa zongolembedwa kuti oyilo wa thirakitala popanda muyeso uliwonse. Kukatentha simungaone kusiyana kwake, chisanu ndicho chimadzaulula.

Mpweya ndi wosavuta kuuzindikira. Makina amayenda modumphadumpha, chiwongolero chimagwira n'kutaya, ndipo mukasuzumira pothirira oyilo mumaona thovu. Kukazizira mphira imalimba ndi kufota, choncho paipi yokokera oyilo imene inali yothina bwino chisanu chisanagwe imayamba kulowetsa mpweya pa zomangira zake. Oyilo wolimba amawonjezera vutoli, chifukwa pampu ikamavutika kumukoka, mpweya ndiwo umapeza njira yachidule. Chosokoneza n'chakuti malo olowera mpweya nthawi zambiri sadontha oyilo, choncho mungayang'ane pansi pa thirakitala n'kupeza pouma. Manganinso zomangira zonse za mbali yokoka, onani mphira ya pa fyuluta, ndipo musaiwale chophweka kuposa zonse, chomwe ndi mlingo wa oyilo. Oyilo wozizira amachedwa kubwerera m'chimimba, ndiye ngati anali wopelewera kale, kamwa la pampu limatsala pamtunda. Thovu ndi madzi zonse zimatuwitsa oyilo, koma mukatapa pang'ono m'botolo n'kusiya kwa ola limodzi, wa mpweya amayera, wa madzi amakhalabe wotuwa.

Kufunditsa makina popanda kuwononga

Tinene kuti mwaona kuti liva ikusuntha ndipo pampu siikukuwa. Lizani injini, isiyeni iyende pang'onopang'ono mphindi zingapo, kenako kwezani moto pang'ono, cha m'ma 1,200 mpaka 1,500 pa geji ya kuzungulira kwa injini. Dziwani kuti geji ya kutentha imene ili patsogolo panu ikunena za madzi a injini, osati oyilo wa kumbuyo. Injini imatha kufunda pamene malita makumi angapo a m'chimimba akadali ozizira. Oyilo ameneyu amafunda akamayenda. Kwezani ndi kutsitsa mikono popanda katundu, tembenuzani chiwongolero uku ndi uku modekha, yendetsani silinda iliyonse ya loader mpaka kumapeto kangapo kuti oyilo wozizira wa m'masilinda ndi m'mapaipi abwerere n'kusakanikirana ndi wofunda.

Mathirakitala amasiyana pamenepa. Mwa ambiri ang'onoang'ono ndi akale, pampu imazunguza oyilo nthawi zonse ngakhale simunagwire liva, choncho amafunda okha injini ikamalira. Ena, kuyambira pa John Deere 3010 ndi 4010 za mu 1960 ndi mathirakitala akuluakulu ambiri a lero, ali ndi pampu imene imachepetsa ntchito ikakhala kuti palibe chikufunidwa, ndipo amenewa mukangowasiya akulira oyilo amachedwa kufunda. Madalaivala ena amagwira liva silinda itafika kale kumapeto, kuti oyilo adutse pa valavu yoteteza n'kutentha msanga. Njirayi imagwira ndithu, koma masekondi ochepa pa nthawi, komanso pokhapokha oyilo atayamba kale kuyenda. Kachinyali ka fyuluta kakayaka m'mawa n'kuzima oyilo atafunda, n'chizindikiro cha kulimba kwa oyilo. Kakapitiriza kuyaka, fyuluta yatsekeka.

Ngati ndi ayezi, kuliza injini sikuthandiza, chifukwa oyilo amene sakuyenda sangafunde, ndipo pampu ikungodzidya. Zimitsani. Kutentha kuyenera kuchokera kunja. Chabwino kuposa zonse ndi kulowetsa thirakitala m'shedi yofunda usiku wonse. Popanda shedi, ifunditseni lona mpaka pansi n'kuika chotenthetsera cha magetsi chouzira mpweya wofunda kunsi kwa chimimba, motalikirana ndi lona ndi mapaipi, munthu ali pomwepo. Kumaiko ozizira amagulitsanso zotenthetsera za maginito zomamatira pa chitsulo cha chimimba. Zonsezi zimafuna maola, chifukwa chitsulo cha thirakitala n'chochindikala. Moto wa lawi, mbaula ya makala kapena choocherera zitsulo, ayi. Pansi pa thirakitala pamakhala mapesi, girizi ndi dizilo wodontha, ndipo lawi limapsereza mphira za m'kati zimene simukuziona. Madzi otentha nawo samalani nawo: amasungunula kachipewa ka valavu msanga, koma mukapanda kupukuta mwawonjezera ayezi wa mawa.

Akuluakulu ena amalangiza kuthira dizilo kapena parafini m'oyilo kuti apepuke. Pa makina akale opanda mabuleki omira m'oyilo anthu ankachitadi zimenezo, koma pa thirakitala ya lero musayerekeze. Dizilo amachepetsa kuterera kwa oyilo, ndipo makina akatentha masana pampu ndi magiya zimakhala zikukhuzana popanda chitetezo chokwanira. Mankhwala oletsa madzi a injini kuundana nawo malo ake ndi mu radiyeta, m'oyilo amawononga. Ndipo palibe chothira chimene chimachotsa madzi. Madzi akachuluka amachoka pokhuthula basi.

Musanagwire paipi iliyonse, tsitsani zonse pansi, zimitsani injini, yendetsani maliva mbali zonse kuti puresha yotsalira ithe. Nthawi yozizira pali msampha wina wake: loader kapena pulawo imatha kukhala m'mwamba chifukwa chogwidwa ndi ayezi wa mu valavu, ndipo mukamafunditsa, ayeziyo akasungunuka katunduyo amagwa mosachenjeza. Musalowe pansi pa chinthu chonyamulidwa popanda chochirikiza chachitsulo kapena chipika cholimba. Pofufuza podontha gwiritsani ntchito katoni, osati dzanja, ngakhale mutavala magolovesi. Puresha ya 7 bar yokha imatha kuboola khungu, ndipo pano tikunena za 200. Bala lake limaoneka ngati kobayidwa ndi singano, mwina osapweteka kwenikweni poyamba, koma oyilo amakhala atalowa m'kati mwa mnofu. Zikachitika, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo akauzeni madokotala momveka kuti ndi oyilo wa puresha. Bala limeneli limafuna opaleshoni pasanathe maola ambiri, apo ayi chala kapena dzanja limatha kudulidwa.

Thirakitala ikasungunuka n'kuyambanso, ambiri amapuma n'kuiwala. Madzi aja akadali momwemo, ndipo usiku wotsatira wozizira adzabwereza. Khuthulani oyilo ali wofunda, thirakitala itangogwira ntchito, kuti madzi atuluke akadali osakanikirana naye. Bwezerani masilinda onse m'kati ndi kutsitsa mikono kuti oyilo wambiri abwerere m'chimimba. Mathirakitala ambiri ali ndi mabawuti okhuthulira oposa amodzi, chifukwa chimimba chili ndi zipinda, ndipo mukaiwala imodzi mwasiya dziwe la madzi. Tulutsani sefa ya waya, itsukeni, iumitseni, muione ngati siinabooke kapena kuphwanyika ndi kukoka kwa pampu. Timibulu tonyezimira ta chitsulo pa sefa kapena pa maginito a bawuti ndi uthenga wakuti pampu yavulala kale. Ikani fyuluta yatsopano. Ngati oyilo anali wotuwa kwambiri, kusintha kamodzi sikukwanira, popeza wina amatsalira m'mapaipi, m'masilinda ndi m'choziziritsira. Gwirani ntchito maola angapo, onaninso kandodo, ndipo akatuwanso bwerezani. Zimawawa m'thumba, koma pampu ndi mavalavu ndi zodula kuposa zigubu ziwiri za oyilo. Zipangizo zomangirira kumbuyo, monga ngolo yodzikhuthula, nazo zimasunga oyilo wakale m'masilinda ake n'kumubwezera m'thirakitala tsiku loyamba mwazilumikiza.

Nthawi yabwino yochitira zonsezi ndi chisanu chisanagwe, April kapena May ku South Africa, September kapena October ku Britain ndi ku Canada. Sinthani mphira zong'aluka, tsukani kabowo kopumira, vindikirani zolumikizira mapaipi, ndipo kamodzikamodzi ipatseni thirakitala ntchito yeniyeni ya ola limodzi kapena awiri kuti oyilo atenthe.

Kwathu kuno ayezi m'giyabokosi si nkhani ya tsiku ndi tsiku, ngakhale kuti ku Nyika ndi pamwamba pa phiri la Mulanje chisanu chimayeretsa udzu mu June ndi July. Koma madzi m'oyilo tili nawo ambiri. Massey Ferguson zakale zimene zimabwera kuchokera ku Britain zimafika ndi mphira zotha, kenako n'kugona panja dzinja lonse mvula ikutsika ndi ndodo za giya. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno kulibe m'mawa wa chisanu wotichenjeza, choncho madziwo amadya mabering'i, mavalavu ndi mabuleki mwakachetechete mpaka thirakitala kufooka pakati pa nyengo yolima. Ngakhale oyilo watsopano amatha kubwera ndi madzi ake. Mgolo woimikidwa panja umasunga mvula pamwamba pake, masana umatentha n'kutulutsa mpweya, usiku umazizira n'kuyamwa madziwo kudzera pa chitsekerero ngakhale chili chomanga. Usungeni m'nyumba, apo ayi ugonekeni cham'mbali pa matabwa, zitsekerero zake ziwiri zili mopingasa, chimodzi kumanja china kumanzere, kuti zonse zikhale zomira m'oyilo.